Jambulani nyumba ndi phulusa musanakumbe maziko

Kuyambira mu Julaye mpaka mvula yoyamba, m'midzi mwathu simusowa utsi wa uvuni wa njerwa. Amene wagulitsa fodya, soya kapena mtedza, amene mwana wake wamutumizira kangachepe kuchokera ku Joni, mphunzitsi amene watenga ngongole, onse maganizo amakhala pa nyumba ya malata. Njerwa amaziwerenga, mtengo wa simenti amaufunsa m'mashopu atatu, malata amasankha geji yake. Koma mukawafunsa kuti khomo la chipinda cha ana lidzayang'ana kuti, kapena chimanga chidzasungidwa pati, yankho limakhala lakuti, "A bilidala akudziwa."

Bilidala amadziwadi kuyala njerwa, koma sadziwa kuti kwanu kumabwera apongozi n'kukhala mwezi wathunthu, kapena kuti mwana wanu wamkazi atha msinkhu zaka ziwiri zikubwerazi. Iye amamanga nyumba yomwe anaizolowera, kapena ija mwamuonetsa pa foni mutaiona pa WhatsApp. Kenako banja limayamba kudzipanikiza kuti likwane m'nyumba yomwe yamangidwa kale. Denga likadontha limakonzeka, penti ikasuluka mumapaka ina, koma khoma lomwe laima polakwika lidzakuvutitsani mpaka ana anu adzakule.

Pulani yomwe yafala m'madera mwathu ndi yochokera m'tauni: balaza lalikulu, malo odyera, kolido pakati, zipinda zitatu, khitchini ya m'nyumba, ndipo ena amawonjezera chimbudzi kuchipinda kwa makolo. Pulani imeneyi ndi yabwino kumene kuli madzi a m'mipope ndi magetsi a ESCOM. Kumudzi kumene madzi timatunga pamjigo, chimbudzi cha m'nyumba chija chimasanduka mosungira makasu, ndipo khitchini ija mumakhala njinga ndi matumba a feteleza. Mayi amaphikabe panja, m'kachisakasa kaudzu komwe sikanali papulani, mvula ikuwawomba. Ndalama zomwe zikanamanga khitchini yeniyeni zinathera pa chipinda chomwe sachigwiritsa ntchito.

Choncho choyamba si pepala, ndi kuwerenga anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti banja limodzi m'dziko muno limakhala ndi anthu 4.4 tikawerengera pakatikati, koma tonse tikudziwa kuti pakhomo pa munthu amene wamanga nyumba ya malata anthu sachedwa kuchuluka. Kumabwera mwana wa achemwali kudzaphunzira pafupi, agogo akadwala amasamukira komweko. Werengani amene alipo lero, ndipo muganizire msinkhu wawo zaka khumi zikubwerazi. Ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, amene lero akugona pamphasa imodzi sadzatero mpaka kalekale.

Makolo athu nkhani imeneyi anaithetsa pomanga nyumba zingapo pabwalo limodzi. Ana akasinkhuka ankasamukira kugowelo kapena kumphala, khitchini inali payokha, nkhokwe payokha. Ife tasonkhanitsa zonsezi pansi pa denga limodzi, koma mwambo sunasinthe. Mwana wamkulu salowa kuchipinda kwa makolo, ndipo mkamwini ndi apongozi ake sayenera kukumana pakhomo la bafa m'mawa. Pulani yabwino imasamala zimenezi. Khomo la chipinda cha makolo lisayang'anizane ndi mipando ya pabalaza, kuti mlendo asaone bedi chitseko chikatsegulidwa. Chipinda cha alendo kapena cha anyamata chikhoza kukhala ndi khomo lakunja, lotulukira pakhonde. Cha atsikana chikhale mkati, pafupi ndi cha makolo, chokhala ndi chitseko chotsekeka ndi loko.

Mfundo ya atsikanayi ndimaiona ndi maso a mphunzitsi. Pali ana amene amabwera m'kalasi akusinza chifukwa amagona pabalaza. Sangayale mphasa mpaka alendo atachoka kapena mpira utatha pa wailesi, ndipo m'mawa ayenera kudzuka aliyense asanadutse. Mtsikana wa Fomu 3 wogona pamalo podutsa amalume, alamu ndi anzawo a bambo alibe posinthira zovala, alibe powerengera, ndipo kunena mosabisa, sali pamalo otetezeka. Chodabwitsa n'chakuti nyumba zambiri zotere zili ndi balaza la mamita 6 kwa 5, lomwe limadzaza pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe basi. Mukadulako mamita awiri m'litali mwake, malo opitirira theka la chipinda cha mwanayo apezeka kale.

Balaza lalikulu timalimangira maso a anthu. Koma alendo ambiri a kumudzi salowa n'komwe m'nyumba: timawalandirira pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Khonde lotambalala mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri limagwira ntchito tsiku lililonse. Mumasendera mtedza, ana amalemberapo ntchito ya kusukulu dzuwa lisanalowe, ndipo limatchinga khoma ku mvula. Silifunanso makoma anayi, ndiye mtengo wake ndi wotsika kuposa wa chipinda.

Chinthu china chomwe mapulani a m'tauni sachidziwa ndi chimanga. Nkhokwe zapanja zikutha chifukwa cha akuba ndi nankafumbwe, ndipo pafupifupi aliyense tsopano amatonola chimanga n'kusunga m'matumba m'nyumba. Ngati simunachikonzere malo, chimapita kuchipinda kwa ana kapena kwa makolo, pamodzi ndi fungo la mankhwala othira m'chimanga komanso makoswe. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Thumba la makilogalamu 50 likagona pansi limatenga malo pafupifupi mita imodzi kwa theka la mita. Matumba 30 osanjikizidwa asanuasanu amapanga milu isanu ndi umodzi, yomwe ndi masikweya mita atatu. Onjezerani mpata woti matumba asagunde khoma, poti mudutse, ndi malo a mtedza ndi nyemba, mupeza kuti kachipinda ka mamita awiri kwa awiri ndi theka n'kokwanira. Kakhale ndi kawindo kakang'ono m'mwamba kokhala ndi waya, ndipo khomo lake likhale mkati mwa nyumba, pafupi ndi khomo lakuseri, kuti onyamula matumba asadutse pabalaza.

Khitchini ndi nkhani yoti mayi ayankhulepo, chifukwa ndi iwo amene amayenda mtunda wapakati pa mafuwa ndi nyumba kangapo pa tsiku. Ndaonapo mapulani ambiri akukambidwa ndi bambo ndi bilidala ali chiimire, mayi akuphikira anyamata okumba maziko. Ngati muziphika ndi nkhuni kapena makala, khitchini ikhale kunja koma pafupi ndi khomo lakuseri, ndipo ngati n'kotheka kanjira kake kafoleredwe. Utsi wa nkhuni umawononga maso ndi chifuwa, ndipo mbaula yamakala yosiyidwa m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo. Khitchiniyo ikhale ndi potulukira utsi m'mwamba, ngakhale mukugwiritsa ntchito chitetezo mbaula.

Musanasankhe mbali yoika khitchini ndi chimbudzi, dziwani komwe mphepo imachokera. M'miyezi yozizira mwera umawomba kuchokera chakumwera cha kum'mawa, choncho chimbudzi chomwe chili mbali imeneyo chimatumiza fungo lake m'mawindo. Nthawi ya dzinja mphepo imasintha, ndipo mapiri amaisokoneza, ndiye ndi bwino kufunsa amene akhala pamalopo zaka zambiri kuti mvula imawomba khoma liti. Ngati pali chitsime, alangizi a zaumoyo amanena kuti chimbudzi chitalikirane nacho mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Dzuwa nalo lili ndi zonena. Ambiri timayang'anitsa nyumba kumsewu osafunsanso kanthu. Koma chipinda chomwe windo lake lalikulu layang'ana kumadzulo chimalandira dzuwa lonse la masana, ndipo mu Okutobala munthu amagonamo ngati ali mu uvuni, makamaka ngati mulibe siling'i. Kumene malo alola, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, aafupi kum'mawa ndi kumadzulo. Mbali ya kumadzulo ikani mosungira chimanga ndi bafa, osati chipinda cha agogo. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi windo lakunja. Zikumveka zodziwikiratu, koma zipinda zamdima zapakati pa nyumba zilipo zambiri, ndipo zimayamba chifukwa chowonjezera zipinda mosaganizira.

Tsopano tibwere pa ndalama, chifukwa kamangidwe ka zipinda kamatha kudya njerwa kapena kuzipulumutsa. Nyumba ya mamita 8 kwa 8 ndi ina ya mamita 4 kwa 16 zili ndi malo ofanana mkati, masikweya mita 64. Koma yoyambayo makoma ake akunja ndi mamita 32 kuzungulira, pamene yachiwiriyo ndi mamita 40. Mamita asanu ndi atatu owonjezerawo ndi njerwa, simenti ndi maziko zomwe simunapindule nazo kalikonse. Kolido nayo imaba malo mwakachetechete: ya mita imodzi m'lifupi ndi mamita 8 m'litali yatenga masikweya mita 8, pamene chipinda cha mamita atatu kwa atatu ndi 9. Mwamanga chipinda chathunthu chongodutsamo. Kolido yaifupi yolekanitsa zipinda zogona ndi balaza ndi yofunika, koma isapitirire pamenepo.

Nyumba zokhotakhota, zokhala ndi ngodya zambiri, zimaoneka bwino pachithunzi. Ngodya iliyonse yolowa mkati imapanga mgwero padenga pomwe malata awiri amakumana, ndipo kudontha kumayambira pamenepo. Malata amagulitsidwa ndi mafiti, ndipo odulidwa n'kutayidwa munawalipira. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi, ya denga logwa mbali ziwiri, imayenderana bwino ndi malata a mafiti 12, n'kutsalako gawo lotchinga khoma. Funsani kalipentala za utali wa malata musanakhome zikhomo, osati makoma atafika kale pamwamba.

Pali chifukwa chinanso chokondera nyumba yosavuta. Chivomezi cha ku Karonga mu Disembala 2009 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinationetsa momwe nyumba za njerwa zimagwera. Khoma lalitali lopanda khoma lina lolichirikiza mkati ndi lofooka, ndipo balaza lalikulu lija ndi lomwe limabweretsa khoma lotere. Windo kapena khomo loyandikira kwambiri pangodya limafooketsa ngodyayo. Siyani masentimita 60 kapena kuposerapo. Musanaike nyumba, onaninso komwe madzi amadutsa mvula ikagwa yambiri. Malo ooneka ouma mu Sepitembala akhoza kukhala njira ya madzi mu Febuluwale.

Ambirife sitimanga nyumba yonse chaka chimodzi, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Chofunika n'kujambula nyumba yonse lero, ngakhale mumange zipinda ziwiri zokha. Dziwani mbali yomwe mudzawonjezere, ndipo pamene padzakhale khomo ikanipo lintala n'kutsekapo ndi njerwa zosavuta kuchotsa. Mbali imeneyo musakumbeko chimbudzi kapena dzenje la zinyalala, chifukwa dothi lokwiriridwa silinyamula maziko.

Mukagwirizana zonsezi, musathamangire khasu. Pulani yapapepala ambiri sitiimva bwino. Chipinda cha mamita atatu chimaoneka chachikulu pakope. Lambulani malowo, tengani phulusa kapena laimu, tepi yoyezera, zikhomo ndi chingwe, n'kujambula nyumba yonse pansi mu ukulu wake weniweni. Jambulani mizere iwiri pakhoma lililonse, chifukwa khoma lakunja limadya masentimita opitirira 20 ndipo ambiri amaiwala kuchotsera. Kenako banja lonse lilowemo. Yalani mphasa pamene padzakhale bedi. Bedi la anthu awiri limatenga pafupifupi masentimita 140 kwa 190, ndipo pamafunika mpata wokolekera neti ndi podutsa. Tsegulani chitseko chongoyerekeza muone ngati sichigunda bedilo. Mayi anyamule ndowa kuchokera komwe kuli mjigo mpaka kubafa, muone ngati sakudutsa pakati pa alendo. Lowetsani njinga. Khomo lalikulu lisachepere masentimita 90 ndipo kutsogolo kwake kusakhale kokhota mopanikiza, chifukwa padzadutsa mipando, njinga ya olumala mwina, komanso tsiku lina bokosi lamaliro, lomwe siliyenera kupendeketsedwa potuluka.

Mizere ya phulusayo isiyeni masiku angapo. Pitaniko m'mawa, masana ndi madzulo muone komwe mthunzi ukugwera. Kusuntha khoma la phulusa kumafuna tsache lokha.

Tsiku lokhoma zikhomo zenizeni mukhalepo nokha, ndipo ngati muli ndi mwana wa kusekondale mutengeni. Lamulo la Pythagoras lomwe timawaphunzitsa m'kalasi ntchito yake ndi imeneyi. Kuchokera pangodya, yezani mamita atatu pa chingwe chimodzi ndi mamita anayi pa chinzake. Mtunda wapakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala mamita asanu ndendende. Ukapanda kukwana, ngodyayo ndi yopotoka, ndipo kupotokako kudzaonekera pa malata. Mukamaliza ngodya zonse zinayi, yezani mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pa yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso iwiriyo ifanane. Pepala la pulani lilembedwe kawiri, miyeso ya chipinda chilichonse ndi malo a makomo ndi mawindo zioneke bwino. Limodzi mupatse bilidala, linalo musunge m'nyumba, kuti mukadzasiyana maganizo makoma ali pawindo mudzakhale ndi poyambira kukambirana.