Kumemeza ku Harari

Wowerenga wina wa ku Mufakose wafunsa danga lino ngati kumemeza n'chimodzimodzi ndi kulengeza. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Wolengeza amangonena kuti msonkhano uliko Lamlungu, n'kupita kwawo. Womemeza amaima poyera, kukweza mawu mpaka kusasa, osachoka mpaka anthu atanyamuka. Ali ngati woitanira basi pa Mbare Musika, amene saleka kufuula mipando isanadzaze.

Ku Mbare komweko, kale kotchedwa Harari, kuli chitsanzo chimene ana a Amalawi ayenera kuchidziwa. Mu 1955, Dunduzu Chisiza wa ku Karonga anali mmodzi mwa oyambitsa City Youth League pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro. Mitengo ya mabasi itakwera mu 1956, achinyamatawa anamemeza anthu kuti anyanyale. Wantchito wa m'mafakitale ndi wa m'makhitchini a azungu ankatuluka m'mamawa, n'kupeza anzake ataima pamsewu akumuuza kuti lero basi sakwera. Boma la atsamunda linathamangitsa Chisiza chaka chomwecho, kumubweza ku Nyasaland. Pa 12 September 1957, mu holo ya Mai Musodzi, gululi linalowa m'chipani chatsopano cha ANC chotsogoleredwa ndi Joshua Nkomo.

Kumemeza sikunathere m'ndale. Azaumoyo amamemeza amayi kukabayitsa ana katemera, ndipo kolera itavuta ku Budiriro mu 2008, kumemeza anthu kuwiritsa madzi akumwa kunali nkhani ya moyo ndi imfa.