Malikisi a Kusukulu: Phindu Lake ndi Mavuto Ake

Malikisi ndi nambala kapena chilembo chimene mphunzitsi amapereka akachonga ntchito ya wophunzira. Teremu ikatha, malikisi a phunziro lililonse amawonkhetsedwa n'kulembedwa pa sukulu lipoti. M'sukulu zambiri zapulayimale, tsiku lotsekera ana amakhala pabwalo, makolo ali pambali, ndipo mayina amaitanidwa kuyambira wanambala wani. Oyamba amawombedwera m'manja ndi kululutiridwa, pamene amene sanamve mayina awo amabwerera kwawo atazyolika.

Mayeso a boma amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Alipo a Sitandade 8, a JCE mu Fomu 2, ndi a MSCE mu Fomu 4. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa powonkhetsa magiredi a maphunziro 6 amene wophunzira wachita bwino koposa, n'chifukwa chake wopeza mapointi 6 amatchuka dziko lonse.

Phindu loyamba la malikisi n'lakuti amauza kholo ndi mphunzitsi pamene mwana ali. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu limamvetsabe kuti 35 pa 100 m'masamu ndi chenjezo. Chachiwiri, malo m'sukulu zasekondale zogonera komweko ndi m'mayunivesite ndi ochepa kuyerekeza ndi owafuna. Popanda muyeso umodzi wa onse, malowo akanamapita kwa ana a anthu odziwika, koma malikisi amapatsa mwana wa mlimi wa ku Nsanje mwayi wopikisana ndi mwana wa bwana wa ku Lilongwe. Amapatsanso wophunzira chifukwa chowerengera usiku. Mayeso a JCE atathetsedwa, ambiri anadandaula kuti ana atayirira, ndipo boma linawabwezeretsa mu 2021.

Mavuto nawo ndi aakulu. Nambala imanena kuti mwana walakwa, koma sinena pamene walakwitsa kapena chimene achite kuti akonze. Mu 1988 katswiri wa maphunziro Ruth Butler anafalitsa kafukufuku amene anachita pa ana a ku Israel. Ana amene analandira ndemanga zokha pa ntchito yawo anapita patsogolo kuposa amene analandira malikisi, ngakhalenso kuposa amene analandira malikisi ndi ndemanga pamodzi. Mwana akaona nambala, maso ake amathera pomwepo.

Kuika mtima wonse pa malikisi kumabala kuloweza. Wophunzira amatha kulakatula notsi zonse za sayansi koma osazimvetsa, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kumabalanso chinyengo, kuyambira likasa lobisidwa m'thumba mpaka kubedwa kwa mapepala. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa anali atabooka, ndipo ophunzira onse analembanso kumayambiriro kwa 2021. Komanso malikisi sasonyeza kuti mwana wina anaphunzirira pansi pa mtengo ali ndi njala, pamene mnzake anali ndi laibulale ndi magetsi. Wobwereza kalasi kawiri katatu nthawi zambiri amangosiya sukulu, ngakhale ali ndi luso la manja kapena la kuimba limene pepala silinayese.

Pofuna kuchepetsa mavutowa, ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba mu 2007 inalimbikitsa kuyesa ophunzira pafupipafupi m'kati mwa teremu, osati kudikira mayeso otsiriza okha. Njirayi imavuta pamene mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100, chifukwa kulemba ndemanga m'kope lililonse kumafuna nthawi.

Malikisi ndi ofunika posankha ndi pochenjeza, koma paokha saphunzitsa. Amathandiza mwana pokhapokha mphunzitsi akafotokoza pamene pavuta, ndipo kholo likafunsa zimene mwanayo waphunzira lisanafunse nambala imene wakhala.