KODI KULEMERETSA N'KUTANI?

Pali mau amodzi amene amveka kawirikawiri pakamwa pa alangizi a malimidwe ndi anamwino a ku cipatala. Pa Cingerezi ati enrichment, ndipo pa Cinyanja ndiko kulemeretsa. Ambiri akamva mauwa aganiza za ndalama zokha, ndipo motero uphungu wa mlangizi uwapita pambali.

Tsinde la mauwa ndilo kulemera. Thumba la cimanga lilemera pamutu, munthu wa ng'ombe zambiri nayenso ati walemera. Makolo sanalakwe pochula ziwirizi ndi liu limodzi, pakuti cinthu colemera ndico ciri ndi kanthu m'kati mwace. Tsono kulemeretsa ndiko kuika m'cinthu zabwino zimene zinasowamo. Kukula kwace sikusintha: munda wa maekala awiri ukhalabe wa maekala awiri, koma zokolola zace zicuruka.

Nthaka ndiyo ifuna kulemeretsedwa koposa zonse. Cimanga cidya cakudya ca m'nthaka cochedwa naitrojeni, ndipo mlimi akacibzala pamalo amodzi caka ndi caka, masamba ayamba cikasu, mapesi aonda, kaufiti nabuka. Nshawa, nyemba, soya ndi nandolo zibweza cakudyaci. Munthu akazula nshawa aona timapundu pa mizu yace. M'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene titenga naitrojeni mu mpweya. Cifukwa cace alangizi aumirira kasinthasintha wa mbeu. Manyowa a m'khola acitanso nchito yomweyo, makamaka akaola bwino asanapite ku munda. Mtengo wa msangu uli ndi khalidwe lacilendo: uyoyola masamba m'dzinja, pamene mitengo ina iri yobiriwira, kotero kuti cimanga ca pansi pace cilandira manyowa ndi dzuwa lomwe. Pa Msekera, pafupi ndi Chipata, anayesanso kubzala jelejele m'munda woguga kwa zaka ziwiri, ndipo cimanga cotsatira cinabereka koposa ca m'munda wosathira kanthu.

Nanga fataleza wa m'sitolo? Thumba la urea la makilogalamu 50 liri ndi makilogalamu 23 a naitrojeni, ndipo la D Compound liri ndi 5 okha, pamodzi ndi zakudya zina zolimbitsa mizu. Ameneyu adyetsa mbeu ya caka comweco, koma saonjezera zoolerana zimene zifewetsa nthaka ndi kusunga cinyontho. Urea akathiridwa yekha zaka zambiri nthaka isasa, ndipo pafunika laimu. Mlimi amene atentha mapesi ace onse m'cirimwe, nakagula matumba ena m'Novembala, alipira kawiri.

Ku nyumba mauwa ali ndi nchito yace. Phala la ufa woyera lokha lidzaza mimba ya mwana koma silimkuza. Mai akathiramo nsinjiro za nshawa, dzira kapena mkaka, phalalo lalemeretsedwa, ngakhale mbale iri yomweyo. Boma licita cimodzimodzi pa zakudya zogulitsa. Mcere uikidwa ayodini woletsa cithokomiro ca pakhosi, ndipo m'caka ca 1998 lamulo linanena kuti shuga wa m'nyumba m'Zambia aziikidwa vitamini A, amene athandiza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. M'caka ca 2012 munaturukanso mbeu za cimanga cofiirira ngati lalanje, cimene ciri ndi vitamini ameneyu kucokera ku munda. Ena acikana poyesa kuti ndi cimanga cacikasu ca nthawi ya njala, koma si cimodzi.

Pali kulemeretsa kwina kumene sikuyamikidwa. Mlembi wa kabungwe ka alimi akatenga ndalama za anzace namangira nyumba ya malata, anthu ati wadzilemeretsa. Kalembo ka "dzi" kasonyeza kuti cumaco sicinacuruke konse, cangocoka m'manja mwa ambiri ndi kulowa m'thumba la mmodzi.