Abulu okoka ngolo asamayambe ulendo ndi liwiro

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika m'maboma a Balaka ndi Machinga, abulu okoka ngolo ndi zina mwa ziweto zomwe zimazunzika kwambiri ndi dzuwa, makamaka m'madera otsika monga Liwonde, Utale ndi Phalula.

Mahatchi ndi osowa m'maboma awiriwa, koma zomwe akatswiri anapeza pofufuza mahatchi a mpikisano zikukhudzanso bulu poti ziweto ziwirizi ndi zapachibale.

Thupi la hatchi yomwe ikupuma limatentha madigiri pafupifupi 38. Ikayamba kuthamanga kapena kukoka katundu, gawo lalikulu la mphamvu zomwe minofu ikugwiritsa ntchito limasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumayenera kutuluka. Magazi ndi omwe amakutengera ku khungu, kenako thukuta likamauma thupi limazizira. Pa ntchito yakalavulagaga, hatchi itha kutaya malita oposa 10 a thukuta pa ola limodzi.

Vuto ndi lakuti thukuta silituluka nthawi yomweyo. Chiweto chomwe changochoka m'khola n'kuyamba liwiro chimaunjika kutentha m'kati khungu lisanayambe ntchito yake.

Kafukufuku wasonyeza kuti hatchi yomwe yayamba ndi kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo imakhala itatsegula kale mitsempha ya magazi ya pakhungu, ndipo thukuta limayamba msanga ntchito yeniyeni ikafika. Nayo minofu yotenthedwa pang'ono imalandira mpweya mosavuta.

Komabe kukonzekeraku kuli ndi malire. Kukatalika kapena kukakhala kwamphamvu kunja kukutentha, chiweto chimayamba ntchito thupi litatentha kale ndipo sichichedwa kufooka. Kutentha kwa thupi kukapitirira madigiri 41, moyo wake umakhala pachiswe.

Nkhani ya kutentha kwa mahatchi inafufuzidwa kwambiri pokonzekera masewero a Olympics a mumzinda wa Atlanta ku America m'chaka cha 1996. Apo ndi pomwe zinatsimikizika kuti kuthira madzi ozizira ambiri pathupi la hatchi yotenthedwa ndi njira yachangu yoiziziritsira, ngakhale ambiri kale ankaopa kutero.

Bulu amapirira dzuwa ndi ludzu kuposa hatchi, ndipo kupiriraku ndi komwe kumapusitsa eni ake chifukwa sachedwa kubisa ululu. Anyamata ena oyendetsa ngolo amayamba ndi chikwapu bulu atangomangidwa kumene, chonsecho ngolo yadzaza ndi njerwa, thonje kapena migolo ya madzi.

Mwini ngolo amapindula akanyamuka m'mamawa, kulola abulu kuyenda okha mtunda woyamba, ndi kuwapumitsa pamthunzi dzuwa likafika paliwombo. Bulu yemwe akupuma mwawefuwefu, wazolikitsa mutu kapena akuyenda mwadzandidzandi amasulidwe msanga, athiridwe madzi thupi lonse ndipo apatsidwe ena akumwa.