Kachipangizo koyenera woyamba kuphunzira zamagetsi ku Ekurhuleni

Makina ambiri a m'mafakitale a ku Wadeville, Isando ndi Jet Park, ngakhalenso mota zotsegulira mageti ndi mita za magetsi olipiriratu m'makomo a ku Tembisa ndi Benoni, ali ndi microcontroller m'kati mwake, yomwe ndi kakompyuta kathunthu kokhala pa chip imodzi, kamene kamawerengera, kusunga pulogalamu ndi kulamulira zipangizo zina kudzera m'timiyendo take. Wachinyamata wophunzira zamagetsi pa Ekurhuleni West TVET College, kapena Mmalawi wokonza mageti amene akufuna kukulitsa luso lake, mutu umamuima akaona kuchuluka kwa mitundu ya tizipangizoti, poti mtundu uliwonse uli ndi anthu ake ouchemerera.

Woyamba kumene amayenerana ndi Arduino, yomwe inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Bolodi lake lotchuka la Uno R3 lili ndi chip ya ATmega328P, yothamanga pa 16 MHz, ndipo malo ake osungira pulogalamu ndi 32 KB basi, kuchepa kumene kumaphunzitsa munthu kulemba pulogalamu mosawononga malo. Ubwino wina, womwe ndi waukulu kwa munthu wa ndalama zochepa, ndi wakuti chip ikapsa chifukwa cha waya wolumikizidwa molakwika, imazulidwa pa soketi n'kuikapo ina, bolodi osatayidwa.

ESP32, imene kampani ya Espressif ya ku Shanghai inatulutsa mu 2016, imakopa ambiri chifukwa ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, moti imatha kutumiza uthenga pa foni geti likatseguka, koma imagwira ntchito ndi mavoti 3.3, ndipo waya wa mavoti 5 ukafika pa mwendo wake ukhoza kuiwononga. Raspberry Pi Pico, yomwe inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4, imathandiza wozolowera chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python. Banja la STM32, lomwe STMicroelectronics inayambitsa mu 2007, limapezeka m'katundu wambiri wopangidwa m'mafakitale, komabe ena mwa mabuku olifotokoza amapitirira masamba 1,000, zomwe zimagwetsa ulesi munthu amene sanayatsepo n'kababu komwe.

Wophunzira ayambe ndi Uno, agwire bwino chilankhulo cha C ndi kuwerenga masensa, kenako asamukire ku ESP32 kapena STM32 malinga ndi ntchito imene akuifuna.