Sitima ya ku Mombasa: injini yake inali msana wa munthu

Inu amene mumalipira mnyamata wa wilibala kuti akunyamulireni thumba la mbatata kuchokera pa depoti, tamverani izi. Ku Mombasa, doko la m'mbali mwa nyanja ya mchere m'dziko la Kenya, kunali timasitima ta m'tauni topanda malasha, topanda magetsi, ngakhale bulu wokoka. Tinkayenda ndi thukuta la munthu basi.

Nkhani yake idayamba ndi kulephera. M'chaka cha 1890, kampani ya atsamunda ya Imperial British East Africa Company, yomwe mkulu wake anali William Mackinnon, idayamba kuyala kanjanji kolowera kumtunda. Sikadapite patali, ntchito idaima. Ndiye zitsulo zija azitaye? Ayi ndithu, mzungu sataya chitsulo. Adaziyala m'misewu ya pachilumba cha Mombasa, kulumikiza tauni yakale ndi doko la Kilindini. Kanjanji kake kanali kopapatiza, mafiti awiri okha.

Pamwamba pake ankaikapo kangolo ka matayala anayi achitsulo, benchi, ndi kadenga kansalu koteteza dzuwa. Bwana ndi dona ankakhala pamthunzipo, kumbuyo kuli anyamata achikuda, nthawi zambiri awiri, akukankha chothamanga. Potsetsereka ankadumphira pangolopo n'kupumako pang'ono. Pachitunda ndiye panalibe chisoni, ndipo amene adafikako ku Mombasa akudziwa mmene kumatenthera, munthu kuchita kunyowa ungokhala.

Mabwana akuluakulu ankakhala ndi ngolo yawoyawo, komanso anyamata awo ovala yunifolomu. Kukhala ndi ngolo kunali ngati kukhala ndi Benz. Pena timanjanji tinkachita kupatukira kunyumba kwa bwana, kuti nsapato isaponde fumbi popita ku ofesi kapena kukamwa ku kalabu madzulo. Tangoganizani kukankha munthu amene wakhuta mowa, usiku, kenaka m'mawa n'kumulonjeranso mwaulemu!

Chimene chidathetsa ngolozi si chifundo ayi. Ndi galimoto. Misewu itakonzedwa, njanji zija zidasanduka chopinga, ndipo mu 1923 ulendo wa ngolo udathera pomwepo. Zitsulo adazizula. Alendo okaona Fort Jesus, linga lomwe Apwitikizi adayamba kumanga mu 1593, akhala akuonetsedwa ngolo yamtunduwu ngati chinthu chosangalatsa cha makedzana.

Zithunzi zakale zilipo zambiri. Wokwera amaoneka bwinobwino, chipewa chake choyera mbee, ndipo kawirikawiri pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina lake. Okankha aja amangoima kumbuyo, opanda nsapato, opanda dzina.

Kukankhako sikudathe. Pa msika wa Kongowea ku Mombasa konko, katundu wambiri amayendabe pa mkokoteni, ngolo ya matayala awiri yomwe munthu amakoka ndi manja. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano pangolopo pamakhala kabichi ndi nthochi, ndipo mtengo amayamba akambirana kaye.