Mphuno ya injini: nikonze kapena nigule yatsopano?

Loweruka lina mu Ogasiti amai a kunyumba anandiitana panja. "Imwe, bwerani muone. Motoka yanu yakodzanso pa simenti."

Pansi pa Land Rover panali oilo yakuda, thamanda lake lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Galimoto iyi ndi Series IIA, mtundu umene unali kupangidwa kucokera mu 1961 mpaka 1971, ndipo anandisiyira ndi malemu atate. Mu Lusaka ya ma Vitz ndi ma Corolla, makondakita a minibasi amaiseka ati, "Mudala, cotsani cigayo mu msewu!" Ine sindisamala. Koma tsikulo mtima unagunda, cifukwa kunatsala milungu itatu cabe kuti tipite ku Petauke kukaika mwala pa manda a atate, ndipo ndinali nditalonjeza amai ondibala kuti ndidzawatenga pa galimoto ya amuna ao.

Ndinaipereka kwa makanika wina wacikulire wa mu Garden, amene garaji yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Ndinali kuganiza kuti alowa pansi kukaona pomwe ikudonthera. Iwo anangotsegula boneti, namasula kacitini kozungulira kamene kamakhala pamwamba pa tappet cover, nakanyamula m'manja. Kanali kolemera ndi matope a oilo.

"Mwana wanga, iyi ndiye breather," anatero ba mudala. "Injini nayo ipema monga muntu. Ukaitseka mphuno, mphepo izasakila kwinangu kocokera."

Anandifotokozera motere. Petulo ikapsa pamwamba pa pistoni, utsi wina umapulumuka m'mbali mwa ma ring'i ndi kutsikira kumene kumakhala oilo. Zimacitika ngakhale pa injini yatsopano. Nchito ya breather ndi kutulutsa mpweya umenewo, kwinaku kuletsa fumbi kulowa. Ikatsekeka, mpweya umapanikizana mkati ndipo umakankha oilo kudzera m'magasiketi ndi ma seal. Woopsa ndi seal wa kumbuyo kwa crankshaft: akayamba kudontha kwambiri oilo imatha kufika pa kilachi, ndipo kuti umusinthe uyenera kulekanitsa injini ndi giyabokosi. Kanthu kokwana m'dzanja kangakudyere malipiro a mwezi wathunthu.

Moyo wa mu tauni nawo umathandizira matenda amenewa. Fumbi la cilimwe m'makomboni limamatira pa oilo ya mu breather. Maulendo afupiafupi, monga kucoka pa nyumba kupita ku Soweto ndi kubwerera, salola injini kutentha mokwanira kuti nthunzi ya madzi ituluke, motero imasakanizana ndi oilo n'kupanga phala.

Manje funso linali lakuti: tikonze kapena tigule ina? Ine, pokhala munthu wa mu tauni, ndinathamangira ku masitolo a masipeya. Mnyamata wa pa kauntala sanataye nthawi. "Ba bosi, vakale ivi tayani cabe. Tengani aka ka chrome, kangena pa motoka iliyonse." Kanali konyezimira zoona. Yeniyeni ya Land Rover anati angaiitanitse kunja, koma sanalonjeze kuti ifika tisananyamuke, ndipo ndalama yake inali yomweyo imene ndinasungira mbuzi ya pa mwambo.

Nditabwerera, ba mudala anaseka. "Iliyonse? Nsapato yokwana phazi lililonse munaionapo?" Anati kamenekako kakhoza kugwira nchito, koma kakapanda kukhala bwino pa kamwa pake, fumbi lidzalowa m'mbali n'kukapala injini mkati. Ndiye anati tiyambe tafunsa mafunso atatu tisanatulutse ngwee.

Loyamba: citsulo cili bwanji? Breather ya galimoto zakalezi ndi citini cokhala ndi waya wopotanapotana mkati, wonga uja amai amakwecera mapoto. Anaipanga kuti izitsukidwa. Ngati citini sicinang'ambike ndipo wayayo sakuyoyoka, palibe cifukwa coitayira. Koma ngati dzimbiri ladya wayayo mpaka akugwa tizidutswa, musanyengerere, gulani ina, cifukwa tizidutswato tikagwera mu injini mudzalira.

Laciwiri: labala ili bwanji? Apa ba mudala sanafune zokambirana. "Simbi timakonza, labala timagula." Kamphete ka labala ka pansi pa breather yanga kanali katauma ngati cikonde ca nsima ya dzulo. Anatinso pa injini zina pamakhala paipi yobwezera mpweyawo ku kabureta, kapena valavu yokhala ndi kalabala kopyapyala mkati. Zimenezo zikauma kapena kung'ambika, guluu ndi solotepi n'kutaya nthawi.

Lacitatu ndi limene linandiopsa: kodi wolakwa ndi breather, kapena injini yatha? Analiza injini mpaka itatentha, natsegula pothirira oilo, naika dzanja. Anati ngati pakufuka utsi wambiri monga mbaula ya malasha aawisi, ndiye kuti ma ring'i adyeka, ndipo ngakhale mugule breather ya golide oilo idzapitiriza kutuluka. Ndinaima pambali ngati munthu woyembekeza zotsatira ku cipatala. Panatuluka kampweya pang'ono cabe. Anayezanso compression m'masilinda onse anai, ndipo manambala anali oyandikana. "Nkhalamba iyi ikali na mphamvu," anatero.

Tinaiviika breather mu petulo, kutali ndi moto, pamodzi ndi cotsekera ca pothirira oilo, cimene naco cili ndi waya wotere mkati. Petuloyo tinaisintha katatu isanaleke kuda. Itauma, tinadonthezera oilo yoyera pang'ono pa wayayo kuti azigwira fumbi, tinaika kamphete katsopano, n'kumanga. Zonse pamodzi, ndi ya manja ao, sizinafike mtengo wa thumba la unga.

Ndisakunamizeni kuti kudontha kunatheratu. Seal wa kumbuyo anali atatopa kale, ndipo tsiku lake lidzafika. Koma thamanda lija linasanduka timadontho tiwiri titatu. Tinanyamuka ndi cigubu ca oilo kumbuyo, ndipo ndinali kuyang'ana dipstick pa Chongwe, pa Luangwa pamene amai anali kugula nsomba zouma, ndi pa Nyimba pogula nthoci. Mapiri a Manenekela tinakwera mwa ulemu, mabasi a ku Chipata akutipitirira ndi mahutala. Cigubu cinabwerera ku Lusaka cosatsegula.

Titafika pa mudzi, amai anatsika, nagwira boneti yotentha, nati, "Yafika yokha kwa mwini wake."

Tsopano ndimatsuka breather nthawi iliyonse ndikasintha oilo. Amai a kunyumba nawo sanaleke kuika katoni pansi pa motoka. Ati simenti ndi yao.